Zidole za Alamu

Alamu anandilowetsa kuseri kwa shopu yawo ya zovala, m'kachipinda kosungiramo makatoni, n'kuyatsa getsi. Pakona panaima anthu atatu amaliseche, opanda tsitsi, wina mkono uli pansi. Ndisaname, ndinadzidzimuka. Zinali zidole zija amaziveka madiresi n'kuziimika pawindo kuti odutsa azisirira.

"Odwala anu ndi amenewa, alamu," anatero. Kenako anazindikira kuti mawu aja agwera pachilonda, n'kuyamba kutsokomola chifuwa chomwe analibe.

"Musadandaule," ndinatero. "Odwala timadziwana."

Nkhope zawo zinali zitadyeka ndi dzuwa la pawindo. China mphuno inali itabenthuka, china milomo itasupuka, chachitatu diso limodzi litafufutika moti chimaoneka ngati chikukutsinzinira. Alamu anatulutsa m'thumba tsamba long'ambidwa m'magazini n'kuliwongola pabondo. Panali mtsikana akumwetulira mano onse pamtunda, masaya osalala ngati sanamvepo uthenga woipa chibadwire.

"Zonse zitatu zikhale chonchi. Munthu sagula diresi kwa chinthu chokwiya. Shopu tikuipenta, titsegulanso kumapeto kwa mwezi. Mukwanitsa eti?"

Ndinati ndikwanitsa. Ndikanati chiyani?

Anthu amanditchula Kaboni, ngati pepala lakuda lija amaliika pakati pa mapepala awiri kuti zolemba pamwamba zitsikire pansi. Dzinali anandipatsa ndi mdala wina wogulitsa zithunzi za m'mafelemu amene ndinamugwirira ntchito zaka zambiri. Iye amabwera ndi chithunzi, kaya cha hatchi, kaya cha maluwa, kaya cha agogo ake a munthu ochokera pachiphaso chakale, ine n'kuchijambula ndi penti chachikulu, chimodzimodzi, osaphonya kanthu. Tsiku lina ndinakopera ngakhale ntchentche imene inafera pachithunzi. Mwini wake anaseka mpaka misozi, ine osaona choseketsa. Inalipo, ndiye ndikanaisiya bwanji? Changachanga sindinajambulepo, ndipo panalibe anandifunsapo.

Kenako ndinadwala. Chakudza sichiimba ng'oma, abale. Panalibe maliro, panalibe amene anandithawa, bambo ake a mwana anali atapita kalekale ndipo sindinkawasowa. Kungoti m'mawa wina kapu ya tiyi inandilemera. Mawa lake bulangete linandilemera. Adokotala anadzati ndi matenda ovutika maganizo, koma ine sindinkavutika ndi maganizo ayi, maganizowo ndi amene kunalibe. Ndinkangogona n'kumayang'ana mng'alu wa pakhoma. Kusamba unali ulendo woyenera kukonzekera dzulo lake, ndipo nthawi zambiri ulendowo umalephereka.

Mwana wanga timamutcha Tsabola chifukwa cha kamwa lake. Nthawi imeneyo anali wamng'ono woti pofikira ketulo amakwera pampando. Anaphunzira yekha kuwiritsa tiyi, kudzipesa, kunamiza aphunzitsi kuti amayi apita kuntchito. Tsiku lina achemwali anga aakulu, akazi awo a alamuwa, anabwera mosayembekezeka n'kumupeza akusita yunifolomu, chala chili ndi thuza. Sanakalipe. Achemwali akakwiya zenizeni salankhula, amapinda zovala. Anapinda za mwana m'chikwama china, zanga m'chikwama china. Ine ananditengera kuchipatala, mwana kunyumba kwawo.

Panopa ndinali nditatuluka kale. Ndimamwa mapiritsi anga m'mawa uliwonse, ndimadzuka, ndimasesa, ndimapita kuchipatala tsiku limene andilembera. Koma mwana anali akadali kwa achemwali. Ndikafunsa, yankho linali limodzi.

"Umalize chinthu chimodzi, iwe. Chimodzi chokha, kuyambira poyambira mpaka pothera. Ndikaona kuti mutu wabwerera m'malo, mwana abwerera."

Ndiye zidole zija sizinali ntchito chabe. Anali mayeso, ndipo tonse timadziwa, kuphatikizapo alamu amene amayesa kunamizira kuti akusowadi wopenta.

Masiku oyamba anali okhula. Ndinkafika nditatopa kale ndi basi, ndi phokoso la mumsewu, ndi kuyankha moni. Ndimakhala pakatoni kaye, kenako n'kutenga sandipepala. Ntchito imeneyi ndinaikonda chifukwa sifuna munthu woganiza. Umangokhula, fumbi loyera n'kumakugwera pamaondo, milomo yakale n'kumachoka, nsidze n'kumachoka. Mphuno yobenthuka ija ndinaimata, itauma ndinaisalaza, mkono wakugwa uja ndinaubwezera m'phewa. Nditapaka penti woyamba, zonse zitatu zinatsala mbee ngati mazira, zopanda maso, zopanda pakamwa. Kunena zoona, ndinkagwirizana nazo kwambiri zili choncho. Sizimandifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Wofunsa anali achemwali. Masana aliwonse amachoka kuntchito kwawo n'kubwera ndi fulasiki ya tiyi ndi buledi wokulunga m'pepala. Amati abwera kudzandipatsa chakudya, koma maso awo amayamba ndi zikhadabo zanga, kenako tsitsi, kenako kolala ya bulauzi.

"Wamwa mankhwala?"

"Ndamwa."

"Wagona?"

"Ndagona."

"Uli bwanji?"

"Ndili bwino, achemwali." Ndipo ndimamwetulira mwee, iwo n'kugwedeza mutu ngati mphunzitsi wachonga.

Tsiku lina ndinatuluka kukatsuka maburashi pampopi wa kuseri. Pobwerera ndinaima pakhomo. M'kachipindamo munali galasi losweka limene alamu analichotsa m'chipinda choyesera zovala, ndipo m'galasimo ndinawaona achemwali atakhala pakatoni, nsapato imodzi atavula, akudzisisita phazi. Nkhope yawo inali itagwa. Masaya atalendewera, pakamwa patapendekera mbali imodzi, maso akuyang'ana pansi osaona kanthu. Munthu amene analera ine, akulera ana ake, akulera wanga, akuleranso alamu amene sadziwa kumene masokosi awo amakhala. Nditakhosomola anavala nsapato, anavalanso nkhope, n'kundifunsa ngati ndamaliza buledi.

Chidole choyamba sichinandivute. Ndinamata tsamba la magazini lija pakhoma, ndinasakaniza penti, ndipo dzanja linakumbukira lokha ntchito yake. Nsidze zopyapyala, masaya ofiirira, mano ondondozana bwino, kakuwala pakona ya diso. Alamu atasuzumira anawomba m'manja.

"Eee! Koma ndiye Kaboni wabwerera! Mayi a kunyumba amve zimenezi!"

Ine sindinamve kalikonse. Sindinasangalale, sindinanyadire. Ndinkangofuna kukhala pansi.

Loweruka achemwali anabwera ndi Tsabola kuti adzaone ntchito ya mayi ake. Mwanayu chichokereni kwathu anali atasanduka waulemu, ndipo ulemu umenewo umandipweteka kuposa mwano. Kale amandiuza kuti tiyi wanga ndi madzi otsukira kapu. Tsopano amandipatsa moni ngati mlendo wa kutchalitchi, manja kumbuyo. Tsiku limenelo anafika pakhomo la kachipinda kaja, anaona chidole, n'kuima pomwepo.

"Lowa, uone zokongola," anatero achemwali. Alamu anawaitana kutsogolo kuti akaone mashelefu, ndipo tinatsala awiri.

"Chitembenuzeni," anatero Tsabola.

"Bwanji?"

"Chiyang'ane kukhoma."

"Iwe, chalakwa chiyani? Sichokongola?"

"Chikumwetulira ngati inu."

Ndinaseka. "Ndiye si zabwino zimenezo? Mayi ako akufanana ndi a m'magazini."

"Ayi. Ngati mmene munkamwetulira muja." Anayang'ana kumbuyo ngati amayi ake aakulu akumva, n'kutsitsa mawu. "Ndikakufunsani kuti amayi mukudwala, inu mumvekere ndili bwino, n'kuchita chonchi."

Anachitadi. Anakoka milomo yake, mano onse pamtunda, maso ali gwa osaseka nawo. Abale, sindinaonepo chinthu choopsa ngati chimenecho pankhope ya mwana.

"Kenako osadzuka," anapitiriza. "Mawa lake ndikafunsanso, chimodzimodzi. Panopanso mukawaona amayi aakulu mumachita chomwecho. Ndiye ine ndidziwa bwanji kuti mwachira?"

Ndinali nditagwira burashi, penti akudontha pansapato.

"Amayi aakulu anandifunsa ngati ndikufuna kubwerera kwathu," anatero.

"Unati chiyani?"

"Ndinati kaya."

Ananena mopanda mwano, ngati akundiuza kuti kunja kukugwa mvula. Ndinatembenuza chidole chija kuti chiyang'ane kukhoma, ndipo pamenepo m'pamene analowa n'kukhala pakatoni.

Masiku otsatira sindinapite kushopu. Ndinawatumizira alamu uthenga kuti penti akufunika aume bwinobwino, bodza loti aliyense wogwirapo burashi akanaseka. Bedi linayambanso kundiitana ndi mawu ake aja okoma. Ndinkagona n'kumaganiza kuti nanga ndikuvutikiranji. Ndikakhoza mayeso a achemwali, mwana abwera ndi thupi lokha, azidzandilondera nkhope m'mawa ndi madzulo. Ndikalephera, sabwera n'komwe. Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa mng'alu uja wa pakhoma unayambanso kuoneka ngati mnzanga. Koma mapiritsi ndimamwabe, ndipo tsiku la kuchipatala litafika ndinadzikoka n'kupita.

Kuchipatala kwathu timakhala pamabenchi awiri oyang'anizana m'khonde lalitali lonunkha mankhwala okolopera. Palibe amene amayang'ana mnzake. Aliyense amawerama pafoni kapena pakadi lake, kuopa kukumana ndi woyandikana naye nyumba. Tsiku limenelo foni yanga inali itatha moto, ndiye ndinadzutsa mutu.

Moyang'anizana nane munakhala mayi wina wachikulire pang'ono, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Pansi pa maso pake panali podera, osati pakuda ayi, koma mtundu wina umene ndinalibe dzina lake, pakati pa bulauni ndi pepo. Chikope chimodzi chinali chotsika kuposa chinzake. Milomo inali yotseka koma osati mwaukali, inali ngati ya munthu amene wangomaliza kunena chinthu chachitali ndipo akupuma. Sanali wokongola, sanali woipa. Anali munthu woti wadzuka m'mawa movutikira, wasamba, wakwera basi, wafika. Ndinazindikira kuti zaka zonse zija ndakhala ndikujambula nkhope zambirimbiri koma sindinayang'anepo ya munthu wamoyo. Ndinkangoyang'ana mapepala. Ndinamuyang'anitsitsa mayi uja mpaka anakweza nsidze.

"Tikudziwana kodi?"

"Ayi, pepani. Ndimangoona nkhope yanu."

"Ili bwanji?"

"Yotopa."

Anaseka kamodzi kudzera m'mphuno. "Ndiye mwaona bwino."

Nditalowa, anamwino anafunsa funso lawo la nthawi zonse, maso ali pafayilo. Ndinamva milomo yanga ikuyamba kudzikoka yokha, ngati galu wozolowera kukhala akamva mluzu. Ndinaigwira. Ndinati, "Ndatopa, anamwino. Mlungu uno bedi likundikoka." Anadzutsa mutu, anandifunsa mafunso angapo, analemba, anandiuza kuti ndibwerenso msanga kusiyana ndi kale. Basi. Denga silinagwe, sananditsekere m'chipinda.

Mawa lake ndinabwerera kuseri kwa shopu. Ndinamatula tsamba la magazini pakhoma n'kuliika pansi pa chitini cha penti. Ndinakokera chidole chachiwiri pafupi ndi getsi, ndinatenga burashi, n'kungoima. Kaboni wopanda pepala lapamwamba ndi chiyani? Ndi pepala lodetsa zala basi. Sindimadziwa poyambira. Ndinayamba ndi diso, linatuluka la m'magazini, ndinafufuta ndi thina, mankhwala aja osungunulira penti. Ndinayambanso, linatuluka la ng'ombe, ndinafufuta. Fungo la thina linandipweteketsa mutu, ndinatukwana chidole, ndinatukwana alamu mumtima, ndinatukwana mdala wa mafelemu amene sanandilakwire kanthu. Ndinakhala pakatoni n'kulira pang'ono, kulira kwa ulesi kopanda mawu. Kenako ndinatseka maso n'kumufunafuna mayi wa pabenchi uja. Ndinayamba ndi mtundu uja wopanda dzina. Ndinasakaniza bulauni, kadontho ka buluu, kadontho kofiira, mpaka unabwera.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chidole chimodzi chinanditengera nthawi imene kale ndikanamaliza nayo mahatchi khumi. Nkhope ya chidole ndi yosalala, inaumbidwa kuti isakhale ndi mbiri, ndiye chilichonse ndimachita kuchimanga ndi mthunzi: kutsika kwa chikope, kamzere kochoka pamphuno kupita pakona ya mlomo, khungu louma la pamlomo wam'munsi. Ndikamapita kunyumba ndimazifunditsa nsalu, ndipo alamu ndinawauza kuti penti watsopano amadana ndi fumbi. Achemwali akabwera ndi fulasiki ndimawalandirira pakhomo.

Chachitatu ndinajambula achemwali, mmene ndinawaonera m'galasi muja, nsapato imodzi itavulidwa. Nkhope imeneyo ndaidziwa moyo wanga wonse, kungoti ndinali ndisanaloledwe kuiona.

Chinatsala choyamba chija, choyang'ana kukhoma. Ndinachitembenuza, chinandimwetulira, ndinatenga sandipepala. Mano anachoka mosavuta. Ndinaimika galasi losweka pakatoni n'kudziyang'ana. Iii, ntchito imeneyi sindingaifunire mdani wanga. Nthawi iliyonse ndikakumana ndi maso anga, nkhope imadzikonza yokha, chibwano n'kukwera, milomo n'kuyamba zake zija. Ndimachita kudikira mpaka itope, igwe, ndiye n'kujambula msangamsanga isanadzukenso. Ndinaona kuti mankhwala andinenepetsa masaya, kuti diso lakumanzere ndi laling'ono, kuti pakati pa nsidze pali mzere umene kale panalibe. Ndinaikapo zonse. Sindinganene kuti ndinasangalala, ndinali wotopa ngati kale. Koma madzulo ena ndinadabwa kuona kuti tiyi wa achemwali wazizira m'kapu ndisanamukhudze, ndipo tsiku lonse bedi silinandibwerere m'mutu.

Ndimadziwa chimene ndikuchita. Ndimadziwa kuti alamu anandituma china, ndiponso kuti achemwali akaona nkhope zitatu zogwa adzati matenda abwerera. Musaganize kuti ndinali wolimba mtima. M'mawa wa tsiku lotsegula shopu ndinasanza ndisanakwere basi.

Anabwera onse atatu, alamu atanyamula madiresi pamkono ndi mawigi m'jumbo, achemwali kumbuyo, Tsabola pakhomo pake paja. Ndinachotsa nsalu.

Alamu anagwetsa jumbo.

"Mayo ine! Alamu! Ndinakutumani zidole kapena anamfedwa?" Anazungulira chachiwiri chija, manja m'chiuno. "Ndani agule diresi la phwando kwa munthu wooneka ngati wadikira basi kuyambira dzulo? Nanga chija chomwetulira chili kuti? Chinali bwinobwino chija!"

"Ndinachikhula."

"Munachikhula!" Anayang'ana kudenga ngati kuli wina woti awathandize. Alamu si munthu woipa, ndipo ndinawamvera chisoni. "Ayi, zisavute. Mitu imeneyi imazulika. Masiku ano zidole zopanda mitu ndi zimene zili m'fasho. Ndiichotsa, ndiveka madiresi, titsegule. Koma alamu, mwandigwiritsa fuwa lamoto."

Achemwali sanamve chilichonse cha zimenezi. Anali ataima patsogolo pa chachitatu, chikwama chili m'manja.

"Ndine ameneyu?"

"Ndinu."

"Wandikalambitsa."

"Sindinawonjezere kanthu, achemwali."

"Unandiona liti ndili chonchi?"

"Tsiku lija munavula nsapato. Mumakhala choncho mukaganiza kuti palibe akukuonani."

Anayang'anabe. Dzanja lawo linakwera lokha n'kukhudza tsaya lawo, pamene palendewera. Kenako anatembenukira kwa ine ndi maso aja oyendera zikhadabo.

"Iwe, undiuze zoona. Wayambiranso?"

Milomo yanga inayamba ulendo wake. Ndinaona Tsabola pakhomo akundiyang'ana pakamwa, osati m'maso, pakamwa penipeni.

"Sindinayambirenso. Komanso sindinachire mmene inu mukufunira. Ndimamwa mankhwala, ndimadzuka, masiku ena mosavuta, masiku ena ngati ndikuzula chitsa. Masiku apitawa ndinatsala pang'ono kugonanso, ndinakawauza kuchipatala. Ndatopa, achemwali. Inunso mwatopa."

Anakhala pakatoni mwamphamvu moti inaphwanyika pakona. Alamu anali atayamba kale kupotokola mutu wa mayi wa pabenchi, ukulira kwii, kwii.

"Ntchito walephera," anatero achemwali.

"Ya alamu ndalephera. Koma ndamaliza."

Anatsegula chikwama, anatseka, anatsegulanso.

Tsabola analowa osaitanidwa. Anadutsa amayi ake aakulu, anadutsa alamu, n'kukaima patsogolo pa chidole choyamba. Anayang'ana icho, anayang'ana ine, anayang'ananso icho. Ananyanyamphira n'kukhudza pansi pa diso lakumanzere ndi chala chija chinali ndi thuza.

"Mwalakwitsa," anatero.

"Pati?"

"Mwaiwala kachipsera ka pachibwano. Komanso makutu anu si okongola chonchi."

Linali kamwa lake lakale lija, lathunthu. Ndinatenga kaburashi kakang'ono, ndinaviika, ndinaika kachipsera pamalo pake iye akundilozera. Za makutu ndinamuuza kuti akadandaule kwa amene anaumba chidole.

Alamu anazula mutu umenewo pomaliza, mosamala kuti asakhudze penti wamuwisi, n'kuyang'ana uku ndi uku kusowa pouika. Tsabola anatambasula manja.

"Ndinyamula ine umenewo."

"Upita nawo kuti?" anafunsa achemwali.

"Kwathu."

Achemwali anamuyang'ana mwana nthawi yaitali, kenako anayang'ana mutu wawo umene unali pakatoni pafupi ndi fulasiki. Anapumira m'mwamba.

"Yunifolomu yake ili pachingwe, sinaume. Udzatenge mawa. Lolemba ndibwera ndidzaone, ndipo ndikadzapeza mwana ali pampando ndi ketulo, usadzandiuze nkhani."

"Ndamva."

"Ndipo ukatopa uzinena. Ndilibe nthawi yolosera." Anatola mutu wawo, anaukulunga ndi nsalu ija ndimafunditsira, n'kuukankhira m'chikwama mpaka zipi anakana kutseka. "Uwu ndatenga. Usadzauze munthu."

Tinatulukira khomo la kutsogolo. Pawindo alamu anali akuveka diresi lofiira chidole chopanda mutu, ndipo kunena chilungamo, chimaoneka bwino. Ine ndinanyamula jumbo ya maburashi ndi mutu wa mayi wa pabenchi, Tsabola ananyamula wanga, ataukumbatira pachifuwa nkhope ikuyang'ana kutsogolo kuti penti asafufutike. Anthu pamalo okwerera basi amatiyang'ana n'kusuntha pang'ono. Dzuwa linali litakwera, miyendo yanga ikulemera, ndipo basi simaoneka.

"Amayi."

"Ee."

"Mwatopa?"

"Kwambiri."

"Tikafika mugone pang'ono." Anasintha mutu uja kuuika mkono wina. "Koma mudzuke."

"Ndidzuka."

Anandiyang'ana pakamwa. Ndinangomusiya ayang'ane, sindinakonze chilichonse. Atakhutira anatembenukira kumsewu n'kundiuza kuti ndikadzuka ndiphike tiyi ndine, koma ndiike masamba okwanira.